Walira Mvula Walira Matope: Mawu kwa Oimba Magitala a ku Chileka ndi ku Lirangwe

Ana anga oimba a ku Chileka, ku Lunzu mpaka ku Lirangwe, tcherani khutu kuno pang'ono. Ndamva kuti magitala ayambanso kulira m'makhonde mwanu, ndipo ena mwa inu mwapanga timagulu ta anthu anayi kapena asanu, mukuimba blues ndi folk rock zimene munazitola pa foni. Ndamvanso kuti munthu akakufunsani za bwana wanu mumayankha monyadira kuti mulibe, ndinu odziimira panokha, palibe kampani kapena mwini zida amene amakulamulani. Zimenezo zandikondweretsa, pakuti makutu athu anatopa ndi nyimbo zimene ng'oma, gitala ndi lipenga zonse zimatuluka m'kompyuta imodzi. Koma walira mvula walira matope. Mukakana bwana, ntchito zake sizithawa naye limodzi. Wina ayenera kufunafuna malo oimbira, wina kusunga ndalama, wina kukambirana ndi mwini galimoto yonyamula zida, wina kukapepesa kwa amfumu phokoso likapitirira usiku. Mtolo wonsewo tsopano uli pamitu panu.

Za mtolowo ndibwerako. Ndiyambe ndi nyimbo zenizenizo, chifukwa gulu la nyimbo zozizira, ngakhale litasunga bwino chotani ndalama, silipita patali.

Musanathamangire ku America ndi maganizo anu, pitani kaye kwa Singano, m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja, kufupi ndi bwalo la ndege. Kumeneko ndi kwawo kwa Daniel Kachamba, amene anabadwa mu 1947, ndi mng'ono wake Donald. Bambo awo, a James Kachamba, nawonso gitala ankaidziwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 banjali linali ku Salisbury, komwe lero tikuti Harare, monga analili Amalawi ambiri opita kukasaka ntchito ku Rhodesia. Nthawi imeneyo kwela inali itagwira moto. Inachokera m'makomboni a ku Johannesburg, kumene ana osauka ankaliza zitoliro zachitsulo zotchipa potsanzira magulu akuluakulu a jazz a ku America, poti ndalama yogulira malipenga enieni analibe. Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso ndiwo anali mayina omveka. Daniel ndi Donald anazimwa nyimbozo ali ana, ndipo pobwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anabwera nazo m'mutu ndi m'zala. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Zida zawo mukanaziona mukanaseka: chitoliro, gitala, chisekese, ndi besi ya chingwe chimodzi chomangirira pa ndodo ndi bokosi. Koma taonani kagwiridwe ka chitolirocho. Sankachiika pamilomo mowongoka monga amachitira mwana wa sukulu. Ankachilowetsa m'kamwa ndithu, mopendeka, chakutsaya, kuti mawu atuluke onenepa, komanso kuti athe kuwapinda, kuwatsitsa pang'ono n'kuwabwezanso pamalo pake. Kupinda mawu kumeneko n'komwe inu mukukufunafuna lero mukamakankha nsambo ya gitala ndi chala mpaka khungu kusupuka. Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anawapeza anyamatawa akuimba m'tauni ya Blantyre. Anawajambula mawu ndi kanema, ndipo mu 1974 linatuluka buku lake lonena za gulu la abale awiriwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ankaitanidwa kunja mpaka ku Ulaya. Chodabwitsa n'chakuti mzungu wamaphunziroyo anadzasanduka mmodzi wa oimba m'gulu la Donald, n'kumaliza kilarineti motsogozedwa ndi mnyamata wa kwa Singano. Mu 1999 Donald yemweyo anakaphunzitsa kwela pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles.

Chaka chomwecho cha 1999 Kubik anatulutsa buku lotchedwa Africa and the Blues. Pano ndikuchenjezeni, chifukwa ndamva kale ena akudzitama m'mabala kuti blues inabadwira kuno kwathu. Bukulo silinena choncho. Blues inabadwira kumwera kwa America pakati pa zidzukulu za akapolo, ndipo pofufuza kumene zina za kaimbidwe kake zinachokera, Kubik analoza kwambiri ku chigawo chouma cha kumadzulo kwa Africa, cha ku Mali, kumpoto kwa Nigeria ndi Cameroon. Ndiye musamanamize alendo. Chonyadira chenicheni muli nacho kale: munthu amene analemba buku lolemekezeka la blues anatha zaka makumi angapo akubwerabwera kwa Singano, akuphunzira kwa anthu a kwanu. Kumeneko kulinso a Moya Malamusi, amene anakhazikitsa Oral Literature Research Programme yosonkhanitsa nyimbo, nthano ndi zida zoimbira zamakolo. Ndani mwa inu anakagogodapo pakhomo limenelo? Mumatha mabandulo kuonera azungu akuphunzitsa gitala pa YouTube, pamene nkhokwe ili pamtunda woyenda pa kabaza.

Chimene ndikufuna mutole kwa Daniel ndi zimene anachita nazo nyimbo zachilendozo atafika nazo kumudzi. Sanakhale wongotsanzira Johannesburg moyo wake wonse. Anaimba sinjonjo, double-step, simanje-manje ndi lumba, koma anazipatsa lilime la Chichewa ndi nkhani za anthu oyandikana nawo. Akakhala yekha ndi gitala, chala chachikulu chinkayenda pa nsambo zonenepa pamene zala zina zikuyankha pa zowonda, mwakuti womvera pa wailesi ya MBC ankaganiza kuti akuimba anthu awiri kapena atatu. Anthu anafika pomutcha Dr. Daniel Kachamba. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha, koma lero mukamva kagitala kake masekondi asanu mumadziwa kuti ndi iyeyo. Nanga botolo limene mukuyendetsa pa nsambo, n'kumati mwaphunzira kwa oimba a ku Mississippi? Agogo anu ankalidziwa. Ankati hauyani, kaimbidwe kotola ku magalamafoni a nyimbo za ku Hawaii, ndipo a Ndiche Mwarare anatchuka nako. Onjezanipo Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona uja wa banjo, ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Anatisiya mu 1995, koma mawu ake osasa aja, odandaula ngati akuseka, alipo m'matepi kwa wofuna kumva. Anthu amenewa akanapanda kulimba mtima n'kuimba monga iwo eni, bwenzi lero palibe akuwakumbukira.

Pa ukwati wina ndinamva mnyamata akuimba m'Chingerezi za sitima yopita ku Chicago, maso atatsinzina, thukuta lili kamukamu. Gitala ankaimenya bwino ndithu. Koma njanji yadutsa kuseri kwa nyumba ya amake ku Lirangwe, ndipo za sitima imeneyo, za anthu amene inawatenga osabwerera, analibe nazo mawu. Azimayi anangomuyang'ana n'kupitiriza kugawa mpunga. Sindikuletsa Chingerezi, muimbe m'chilankhulo chilichonse chimene mumalotera. Ndikunena za nkhani yake. Robert Johnson, amene nonse mumamutchula, anajambula nyimbo 29 zokha, mu 1936 ndi 1937, n'kumwalira mu 1938 ali ndi zaka 27. Ankaimba m'mphambano ndi m'nyumba za mowa, kwa anthu olima thonje m'minda ya eni ake, moyo umene agogo athu a thangata akanauzindikira msanga. Omvera ake sankafunika womasulira, pakuti njala, ngongole, nsanje ndi ulendo wa m'nyimbozo zinali zawo. Inu muli ndi zochepa kodi? Mvula yodula chimanga chikumasula. Katapila. Bambo wopalasa njinga ya matumba atatu a makala m'bandakucha kulowera m'tauni. Mlongo wanu amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kusintha nambala. Msewu wa ku Chingale umene anthu a ku Lirangwe akhala akuudikira zaka ndi zaka. Matope a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Tsono za magetsi. Mu Julaye 1965 Bob Dylan anakwera pa nsanja ku Newport ndi gitala yamagetsi ndi gulu laphokoso, ndipo ena mwa omwe ankamukonda anamukuwiza. Folk rock imene mukuitsatirayi inakulira m'nyengo imeneyo, pamene nyimbo za mawu olemera zinakumana ndi ng'oma ndi ma ampu. Koma kumbukirani dongosolo lake. Dylan anayamba wazungulira zaka ndi gitala youma ndi kachitoliro kapakamwa, nyimbo zake zikuima pazokha. Magetsi anabwera pambuyo. Inu yesani chonchi: zimitsani zonse, khalani pansi pa mtengo wa mango, imbani nyimboyo kwa azakhali anu. Akapitiriza kusenda nandolo osadzutsa mutu, vuto si kuchepa kwa masipika. Ndipo kuno kwathu mayeso amenewa amabwera okha osaitanidwa, chifukwa magetsi amatha kuzima pakati pa nyimbo. Gulu limene limangoima n'kumayang'anana zikatero silinakhwime. Lokhwima limasendera kutsogolo, woimba n'kukweza mawu, anthu n'kuyamba kuomba m'manja, dansi osaduka.

N'chifukwa chake babatoni musamuone ngati chida cha amphawi. Mtengo wautali wa bulugama, ng'oma ya chikopa cha ng'ombe kumapeto kwake, waya wosolola m'tayala lakutha, dzanja lina likumenya wayayo, lina likuyendetsa botolo kapena kachitsulo: mawu ake amagunda pachifuwa popanda batire. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni, gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira maiko a ku Ulaya, anthu awiri okha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ganiziraninso za thumba. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo nsambo, mawaya, masipika ndi mafuta a jenereta zonse n'zochokera kunja. Chida chimene mungathe kuchikonza nokha chikaduka Loweruka madzulo ku Lirangwe n'chamtengo kuposa chimene chimadikira munthu wochokera ku Limbe Lolemba.

Zida zobwereka nazo muzisamale. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma choopsa kwambiri si kuwonongeka kwake. Mwini masipika amayamba ndi kukubwerekani mwaulere. Ulendo wachiwiri amafuna gawo la ndalama za pakhomo. Wachitatu amakuuzani tsiku loimba, malo ake, ndi mwana wa mlongo wake amene ayenera kuimbako nyimbo ziwiri. Bwana amene munamukana pakhomo lakutsogolo walowera kuseri. Bwerekani ngati palibe kuchitira mwina, koma mtengo wake unenedwe poyera zida zisanakwere galimoto, ndipo mugule zanu chimodzichimodzi, kuyambira maikolofoni.

Tsopano tibwere ku mtolo uja, ndipo aphunzitsi ake alinso pakhomo panu pomwepo. Robert Fumulani anali ndi gulu lake lotchedwa ndi dzina la mtsinje wa Likhubula, ndipo ana ake anakulira pakati pa zida. Evison Matafale, mbale wawo, ndiye anatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, ndiponso ndiye anayambitsa Black Missionaries, Ma Blacks. Chaka cha 2001 chinali chowawa ku Chileka. Mu Januwale anamwalira Donald Kachamba, ndipo pa 27 Novembala Matafale anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, atamangidwa pa nkhani ya kalata yodzudzula boma la nthawiyo. Ambiri anati gulu lathera pomwepo. Musamude Fumulani analinyamula mpaka anamwalira mu 2007. Gift Fumulani naye anamwalira mu 2008. Anjiru ndi Chizondi Fumulani, pamodzi ndi Peter Amidu ndi anyamata a kwa Chokani, Takudziwani ndi Paul, anapitiriza, Anthony Makondetsa ali pambali pawo, ndipo zimbale za Kuimba zadutsa khumi. Ndikudziwa, reggae si nyimbo yanu. Sindikuti mutengere kaimbidwe kawo. Ndikuti muone mmene Ma Blacks akhalira ndi moyo zaka zoposa 20: Lachisanu kuno, Loweruka uko, Lamulungu kwina, kuyambira kuchigwa cha Shire mpaka kumpoto, nthawi zina mpaka ku South Africa kumene abale athu adzadza.

Sanasankhe msewu chifukwa chokonda fumbi. Kale woimba ankatenga tepi yake kupita nayo kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti n'kumagulidwa m'dziko lonse. Nthawi imeneyo inapita. Lero nyimbo yanu ikatuluka m'situdiyo m'mawa, madzulo ili kale pa kompyuta ya mnyamata wa pamsika amene amaika nyimbo mazana m'fulashi pa mtengo wa mandasi ochepa, ndipo inu simuonapo kanthu. Za pa intaneti zimabwera modontha, kwa amene ali ndi omvera ochuluka zedi. Kwa gulu ngati lanu, bwalo la zoimba ndiwo munda: mukapanda kulowamo ndi khasu sabata ndi sabata, nkhokwe ikhala yopanda kanthu ngakhale dzina litamveka pa wailesi.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga pa holo ina m'mbali mwa msewu wa M1, dzina la gululo ndilisunge. Chikalata chomata pa mtengo wa malambe chinati zoimba ziyamba 1 koloko masana. Anthu anabwera, azimayi ena ndi ana kumbuyo, anyamata atasita malaya. Zida zinafika cha m'ma 4 koloko pa kagalimoto kotsegula kumbuyo, woimba ng'oma atakhalira sipika, maso ali psuu. Jenereta inalira kawiri n'kuzima, ndipo apa m'pamene anayamba kufunsana kuti amene amayenera kugula mafuta ndani. Wina anathamanga ndi chigubu pa kabaza. Kenaka ola lathunthu la "wani, thuu, wani, thuu" pa maikolofoni, masipika akulira mokwiyitsa mano. Poyamba nyimbo yoyamba dzuwa linali litalowa, azimayi a ana aja atapita kukaphika, ena akufuna ndalama zawo. Pakhomo anaikapo msuweni wa woimba patsogolo, ndipo aliyense womutchula dzina ankalowa ulere. Anaimba bwino, ndisaname. Nyimbo ziwiri zinandigwira mtima. Koma pakati pa usiku ndinawapeza kuseri kwa holo atazungulira jumbo ya ndalama, akuwerenga ndi tochi ya foni. Mwini holo anatengapo zake, mwini galimoto zake, mwini masipika zake. Zotsalazo sizinakwane ngakhale minibasi ya anthu asanu, ndipo wa besi ananena mawu okhudza mayi a mnzake. Mwezi usanathe gululo linali litagawikana pawiri, mbali iliyonse ikuti dzina ndi lake.

Palibe mfiti inawalodza anyamata amenewo. Nkhanga zinapangana kusanapse, iwo sanapangane. Inu khalani pansi masana, opanda botolo pakati, mugule kope la sukulu. Mulembemo kuti dzina la gulu ndi la yani wina akachoka, gitala yogulidwa ndi ndalama za gulu ikhala kwa yani, wojomba pokonzekera nyimbo alipira chiyani. Ndi mwini malo mugwirizane zisanachitike: kodi mukutenga za pakhomo kapena akulipirani mtengo wokhazikika, mafuta a jenereta agula ndani, alonda alipira ndani. Pakhomo pakhale anthu awiri, wanu ndi wa mwini malo, matikiti a manambala ndi chidindo cha pamkono. Achibale olowa ulere alembedwe mayina kusanade, ndipo akhale owerengeka. Mlamu wokukondani zoona alipira. Ndalama ziwerengedwe onse akuona. Muyambe mwachotsa zolipira, kenaka gawo la thumba la zida ndi matenda, zotsalazo ndiye mugawane. Olipira pa Airtel Money kapena Mpamba atumize ku nambala ya gulu, osati ya chibwenzi cha woimba patsogolo, pakuti chikondi chikatha ndalama za gulu zimapita nacho. Ndipo iwe woimba patsogolo, amene atsikana amakuwa dzina lako, usadzione ngati ndiwe gulu. Wa ng'oma akadwala udzadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mukafuna kuti wopeka nyimbo azilandira kopitirira, zili bwino, koma zinenedwe lero, zilembedwe, aliyense asaine.

Nthawi isungeni, ngakhale m'holo muli anthu khumi. Khumiwo ndiwo adzauze anzawo kuti ana a ku Chileka aja akati 2 koloko ndi 2 koloko. Zida muziyese anthu asanalowe. Musanyoze zoimba za masana: kumabwera azimayi, ana ndi akuluakulu amene usiku sayenda, ndipo nyimbo zanu za mawu ofunika kumvetsera zimalowa bwino m'makutu a anthu osaledzera. Amfumu ndi apolisi adziwitsidwe nthawi ikadalipo. Muonetsetse kuti mtsikana wobwera kudzavina abwerera kwawo popanda womugwiragwira. Pakachitika chipongwe pa zoimba zanu, makolo a m'deralo sadzatchula dzina la wolakwayo, adzatchula la gulu lanu.

Pali pepala lina lofunika kuposa kope lija. Mu 1958 nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark, yoimbidwa ndi Elias and His Zig-Zag Jive Flutes, inafika pa nambala 2 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Anyamata a ku Alexandra amene anailiza anapatsidwa kangachepe, phindu lenileni n'kupita kwa ena. Oimba blues ambiri ku America zinawachitikiranso zomwezo: nyimbo zawo zinalemeretsa makampani ndi magulu a rock a ku Ulaya, eni ake akufa osauka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno tili ndi bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi lamulo latsopano la umwini wa ntchito zaluso la 2016. Kalembetseni nyimbo zanu, ndipo polembetsa munene zoona za amene anapeka mawu ndi amene anapeka maimbidwe. Mukatenga nyimbo ya Kachamba, ya Namoko kapena ya Fumulani, tchulani mwini wake pa nsanja ndipo mupemphe chilolezo musanaijambule. Anthuwa anasiya ana ndi adzukulu. Alendo a makamera nawo adzabwera, chifukwa azungu gitala ya kumudzi amaikonda. Alandireni, pakuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo a Kachamba anapindula ndi mlendo wotero. Koma kalumo kamameta, kamathanso kucheka. Funsani kuti zojambulazo zikupita kuti, adzagulitsa ndani, gawo lanu ndi lotani, ndipo akusiyireni kope lanu. Pepala la Chingerezi chovuta musasaine tsiku lomwelo. Pitani nalo kwa munthu wodziwa malamulo. Kufunsa si kupanda ulemu, mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Za mowa ndi chamba sindichulutsa, mwamva kale kutchalitchi ndi kumzikiti. Ndingoti mwini bala amakonda kulipira oimba ndi mabotolo chifukwa kwa iye n'zotchipa, ndipo botolo simungagulire nsambo kapena kope la mwana. Mukayamba kumveka, anthu okugulirani adzachuluka, ndipo ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Pa nkhani yodzudzula akuluakulu m'nyimbo, ine sindingakuuzeni kuti mutseke pakamwa, pakuti blues yoopa kunena chimene chikuwawa ilibe ntchito. Koma nenani zimene mukuzidziwa ndipo mungaziimirire, gulu lonse litavomereza, chifukwa zikavuta sagogoda pakhomo la wopeka yekha. Ndalama za andale pa nthawi ya kampeni muziganizire kawiri: msonkhano umatha tsiku limodzi, koma theka la omvera anu lidzakumbukira nsalu imene munavala.

Chotsala ndi ana. Magulu awiri a ku Chileka aja anapirira maliro chifukwa nyimbo sizinali m'mutu mwa munthu mmodzi. Donald atamwalira, Sinosi Mlendo, a Malamusi, Christopher Gerald ndi Kubik anapitiriza kuimba kwela m'dzina lake, poti anali atawaphunzitsa. Kwa a Fumulani, mkulu akagwa mng'ono ankadziwa kale poyambira. Inunso kamnyamata kamene kamakunyamulirani mawaya, ndi kamtsikana kamene kamaima pazenera mukamakonzekera, apatseni chida agwire. Aliyense m'gulu adziwe chida chachiwiri. Nyimbo iliyonse muijambule ngakhale pa foni, mawu ake alembedwe, zisungidwe m'nyumba ziwiri zosiyana.

Mwezi wa Novembala, pa chikumbutso cha Matafale ndi abale ake ku Gadaga, anthu amakhamukira kumeneko kuchokera m'maboma ambiri, ndipo polowa salipiritsa. Chaka chino mupiteko m'mawa, nsanja isanamangidwe. Musathamangire kutsogolo kokavina. Imani kumbali muone amene akutsitsa masipika, mmene akuyalira mawaya kuti anthu asapunthwe, amene wakhala pa makina osakanizira mawu ndi zimene akuchita woimba akaloza khutu, mphindi zimene zikudutsa gulu lina likamatsika lina likukwera. Mukapeza mpata, mupereke moni mwaulemu kwa akuluakulu a gululo, munene kumene mukuchokera, ndipo mufunse amene mungalankhule naye kuti chaka chamawa mudzaimbeko nyimbo ziwiri masana, anthu akusonkhana kumene.